Ana avotera buku: lipoti la mphoto ya owerenga ku Chawama

Lipotili likufotokoza ntchito yomwe tinagwira m'teremu yachiwiri ya 2024 ndi ana a giredi 4, 5 ndi 6 a m'sukulu zitatu za ku Chawama, kuno ku Lusaka. Imodzi ndi ya boma, ziwiri ndi za komyuniti. Ine ndimayang'anira kachipinda ka mabuku komwe kali pa imodzi mwa sukulu za komyunitizo, ndipo ana a sukulu zinazo amabwera komweko masana. Tinapatsa anawo mabuku 6 kuti awerenge, kenako asankhe mwa voti buku loyenera mphoto. Akuluakulu sitinavote nawo. Ndalemba izi poganizira aphunzitsi ndi anzanga osunga timalaibulale ta m'makomboni amene angafune kuyesa zomwezi.

Pomwe tinayambira

Mabuku tinali nawo, ochepa inde, koma analipo. Chosowa chinali ana owatsegula mwa kufuna kwawo. M'kaundula wa obwereka munkabwera mayina omwewo sabata ndi sabata, ambiri a atsikana a giredi 6. Ena onse ankalowa m'chipindamo pothawa mvula kapena akatumidwa ndi aphunzitsi. Ukamufunsa mwana kuti kuwerenga n'kwa chiyani, yankho linali limodzi: mayeso.

Zifukwa zake sizobisika. Chiyambire Januwale 2022, pamene boma linakhazikitsa maphunziro aulere mpaka giredi 12, makalasi a sukulu za boma adzaza thothotho. Ndi chinthu chabwino, chifukwa ana ambiri omwe ankangozungulira m'komboni tsopano ali pa desiki, koma mphunzitsi mmodzi sangathe kumvetsera mwana aliyense akuwerenga. Chachiwiri ndi chilankhulo. Ana athuwa anayamba sukulu pa dongosolo lomwe linalowa mu 2014, loti kuyambira giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kuno, chomwe kwa Lusaka ndi chigawo cha Kum'mawa ndi Chinyanja, kenako pa giredi 5 maphunziro n'kutembenukira ku Chingerezi. Koma pa mashelefu athu zinthu zinali mwina. Mabuku ambiri ndi amphatso ochokera kunja, a Chingerezi, onena za moyo womwe mwana wa ku Chawama sanauonepo. A Chinyanja ndi timabuku tophunzirira zilembo. Choncho mwana wa zaka 11 amene akutha kuwerenga Chinyanja alibe choti awerenge cha msinkhu wake, pamene mabuku a Chingerezi a msinkhu wake amamugonjetsa pa tsamba loyamba. Laibulale ya ana ya Lubuto ilipo ku Garden, ya khonsolo ili m'tauni, koma konseko mpofunika ya basi, ndipo kholo lomwe likuwerengera ndalama ya ufa silingaipereke.

Nzeru ya mphoto yotere si yathu. Ku America ndi Canada, bungwe la Pacific Northwest Library Association linayamba kupereka Young Reader's Choice Award mu 1940. Ku Britain, Federation of Children's Book Groups ili ndi mphoto yomwe oweruza ake ndi ana okhaokha. Ku France, Prix Goncourt des Lycéens inayamba mu 1988, ndipo osankha ndi ana a sekondale. Kumeneko masukulu amatha kugula makope ambiri a mabuku ongotuluka kumene, zomwe ife sitingathe. Tinangotengako mfundo imodzi, yoti chigamulo cha mwana chikhale chomaliza.

Ndinaikhulupirira mfundoyi chifukwa mwana wa m'komboni safunsidwa maganizo kawirikawiri. Kunyumba amatumidwa. Kusukulu amafunsidwa mafunso omwe mphunzitsi akudziwa kale yankho lake. Koma funso loti mwa mabuku 6 awa labwino koposa ndi liti lilibe yankho m'buku la aphunzitsi, ndipo kuti mwana aliyankhe ayenera kutsegula mabukuwo.

Tinkafuna kuyamba mu teremu yoyamba, koma chaka chimenecho kolera inachedwetsa kutsegula sukulu mpaka pa 12 Febuluwale, ndipo aphunzitsi anali pa liwiro lobweza nthawi. Tinadikira teremu yachiwiri. A giredi 7 tinawasiya chifukwa cha mayeso awo.

Kusankha mabuku

Apa mpomwe panali ntchito yaikulu, ndipo mpomwe akuluakulu tinali ndi mphamvu zenizeni. Tinakhala pansi, aphunzitsi awiri kuchokera pa sukulu iliyonse ndi ine, n'kugwirizana kuti mabuku atatu akhale a Chinyanja, atatu a Chingerezi, pasakhale buku lomwe amaphunzira m'kalasi, ndipo lililonse likhale loti mwana atha kulimaliza m'masiku awiri kapena atatu. Tinafunanso kuti akhale osiyana mtundu. Panali lina la mpira, lina loseketsa, lina lofotokoza zoona za nyama za m'tchire, lina la nthano. Aphunzitsi ena ankafuna kuti buku lililonse likhale lolangiza, lotha ndi phunziro looneka. Ndinakana ndithu. Ana amalangizidwa kuyambira mbandakucha mpaka pogona, ndipo buku akangolinunkhiza kuti ndi ulaliki wina amalitseka.

A Chingerezi sanavute kupeza. A Chinyanja awiri tinawatenga pa African Storybook, nkhokwe ya nthano ya pa intaneti yomwe bungwe la Saide la ku South Africa linatsegula mu 2014. Ubwino wake ngwakuti chilolezo chake chimalola kusindikiza ndi kusintha nkhani popanda kulipira. Tinasankha zazitali mwa zomwe zilipo, n'kusinthamo mawu angapo omwe ana obadwira m'tauni sawamva, poti Chinyanja cha m'mabuku ndi cha ku Chipata ndi Katete, pamene cha pa msewu wa Chawama n'chosakanizika ndi Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi.

Lachitatu linasowa. Tinafufuza m'makabati a sukulu zonse zitatu osapeza buku la Chinyanja la mwana wa zaka 10 mpaka 13. Mphunzitsi wina ndiye anatiuza za mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito wochokera ku Katete, amene amakhala m'dera lomweli ndipo anali ndi nkhani yolemba pamanja m'kope lachikuto cholimba. Nkhaniyo ndi ya mtsikana wa zaka 12 amene azakhali ake amutenga kumudzi pomulonjeza sukulu ku Lusaka, koma atafika akhala wolera mwana, wotunga madzi ndi wochapa mayunifomu a asuweni ake. Mayiwo analola kuti tiitaipe ndi kuisindikiza. Ilibe zithunzi, kupatula chapachikuto chomwe anajambula mnyamata wa giredi 6.

Komiti inagawikana. Ena anati nkhaniyo njolemera kwa ana, ndipo makolo ena adzaona ngati tikuwanena. Ena anati palibe mwana wa ku Chawama amene sakudziwa mtsikana wotere, kaya kwa aneba kaya m'nyumba mwawo momwe. Tinailowetsa, koma dzina la wolemba tinalibisa mpaka voti itatha, kuopa kuti ana angavotere agogo a m'dera m'malo movotera nkhani.

Buku lililonse tinalipangira kapena kulipezera makope 15, asanu pa sukulu. Ndalama inachokera ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi komanso ku mpingo wina wapafupi. Chilala cha chaka chimenecho, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko pa 29 Febuluwale, chinaphwetsa madzi ku Kariba, ndipo magetsi ankazima maola ambiri. Wa fotokope ankatigwirira ntchito usiku magetsi akabwera. Zikuto tinapanga ndi makatoni, n'kukutira pulasitiki. Masamba tinasoka ndi ulusi, chifukwa sitepula imang'amba pepala buku likangodutsa m'manja angapo.

Ndani avote

Lamulo linali loti mwana avote ngati wamaliza mabuku atatu mwa 6. Funso lovuta linali loti kumaliza n'kutani. Aphunzitsi awiri anaumirira kuti mwana awerenge yekha, apo ayi mphotoyo ikhala ya omvetsera. Ndikumvetsa chomwe ankateteza. Koma m'makalasi amenewa muli ana ambiri amene akadali pa kulumikiza maphatikizo, ndipo lamulo loterolo likanawauza pa tsiku loyamba kuti izi si zanu. Atsikana a giredi 6 aja akanavota okha, ndipo ife tikanangotsimikiza zomwe kaundula ankatiuza kale. Tinagwirizana kuti buku lomwe mwana wawerengeredwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza liwerengedwe kuti walimaliza. Ndikuona kuti pa zonse zomwe tinachita, chigamulo ichi ndicho chinabweretsa ana ambiri.

Mwana aliyense analandira kakhadi ka mabokosi 6. Akamaliza buku ankabwera kwa ine kapena kwa mphunzitsi wake kudzacheza za bukulo, kenako tinkasainira m'kabokosi. Tinapewa kuti kuchezako kukhale mayeso. Sitinkafunsa dzina la galu wa pa tsamba lakuti. Tinkafunsa kuti ndi pati pomwe unasangalala, ndani wakukwiyitsa, ukanakhala iwe ukanatani. Mwana amene sanalitsegule bukulo amaonekera pa funso loyamba lomwe, ndipo tinkangomuuza kuti akapitirize abwerenso.

Mnyamata wina wa giredi 5, wamtali kuposa anzake poti anayamba sukulu mochedwa, anaima pakhomo nthawi yaitali khadi atalipinda m'manja. Anzake atatuluka analowa n'kunena motsitsa mawu kuti, “A madamu, ine anandiwerengera ndi achemwali anga. Kodi zimenezo zikuloledwa?” Ndinati, “Zikuloledwa, khala apa undiuze.” Anafotokoza nkhani ya mpira ija mwadongosolo, n'kuonjeza kuti wolembayo walakwitsa, chifukwa pa bwalo lafumbi goloyi sagwa chotero popanda kusupuka chigongono. Ameneyu ndi woweruza weniweni. Patapita masabata anabweranso ndi buku la nyama, chala chili pa mzere, kufunsa mawu amodzi omwe anamukanika. Linali buku loyamba kuyesa yekha.

Kuwerengerana kunachitika m'njira zitatu. Aphunzitsi ankawerenga mokweza mphindi 15 kumapeto kwa tsiku, ana odziwa ankakhala ndi anzawo awiri kapena atatu pakhonde, ndipo mabuku ankapita kunyumba mausiku awiri. Za kunyumbazi ahedi a sukulu ina anaziopa, ati mabuku atha. Ena anabweradi ndi mafuta a ndiwo, ena ndi madontho a kandulo, ndipo ochepa sanabwerenso. Kwa ine mtengo umenewo ngwochepa poyerekeza ndi buku loyera lotsekeredwa m'kabati. Madontho a kandulowo anatichenjeza za ngozi ya moto m'nyumba zothinana, motero tinauza ana kuti aziwerenga kukadali kowala. Atsikana ambiri anati masana kunyumba alibe mpata, pali madzi, mbale ndi ana, choncho tinayamba kutsegula chipinda Loweruka m'mawa.

Kampeni

Izi sitinazikonze ife. Ana awa anaona chisankho cha pa 12 Ogasiti 2021, anaona mizere pa sukulu ndi inki pa zala za makolo awo, ndipo atangomva za voti anafunsa ngati kuli kampeni. Tinavomera. Lachisanu lililonse buku lililonse linkakhala ndi wolilankhulira, mphindi zitatu. Malamulo anapanga okha mothandizidwa pang'ono: osaulula mathero a nkhani, osanyoza buku la anzako, osagwiritsa nyimbo, mitundu kapena zizindikiro za zipani, osapereka kanthu kuti munthu akuvotere. Lomalizali linayesedwa msanga. Mnyamata wina, amene mayi ake amagulitsa vitumbuwa, analonjeza anzake chitumbuwa aliyense akavotera buku loseketsa. Anzake anamunenera, ndipo komiti ya ana inagamula kuti asalankhulenso pa kampeni koma voti yake ikhalepo. Ndinaona kuti aweruza bwino.

Kampeniyi ndiyo inayendetsa mabuku. Wolankhulira buku ankayenera kulidziwa, ndipo wofuna kumutsutsa ankayenera kuliwerenga kaye. Mtsikana wina wa giredi 6, m'malo molankhula, anangotsegula nkhani ya mtsikana wa kumudzi uja n'kuwerenga tsamba limodzi, pomwe mtsikanayo akuyanika yunifomu ya msuweni wake n'kuiyerekeza pathupi pake poona kuti palibe akumuona. Atamaliza anatseka buku n'kukhala pansi. Lolemba lake makope onse a nkhaniyo anali ndi mzere wa odikira.

Ovuta kuwaletsa anali akuluakulu. Mphunzitsi amangoti “ili ndiye labwino kwambiri” potsegula buku, ndipo theka la kalasi lamva kale yankho. Ndinawapempha mobwerezabwereza kuti awerenge mabuku onse ndi mtima umodzi. Kuuza mwana kuti asankhe kwinaku ukumulozera kuli ngati kupatsa mlendo ndiwo ziwiri kuti alawe utamuuza kale yomwe wakometsa. Aphunzitsi ambiri anamva, ndipo ena ana akawafunsa ankayankha kuti, “Ine ndilibe voti, mwanawe.”

Tsiku lovota ndi zotsatira

Tinavota sabata imodzi tisanatseke sukulu. Bokosi linali ndowa ya pulasitiki yoonekera mkati, yoboola pachivundikiro. Pa pepala lovotera panali mitu ya mabuku ndi kachithunzi ka chikuto, kuti wosatha kuwerenga asafune womuthandiza. Mwana ankaonetsa khadi, n'kulowa kuseri kwa bolodi, n'kuchonga, n'kupakidwa inki ya maka pa chala. Kuwerengera kunachitikira pabwalo, ana akuona, buku lililonse lili ndi woimirira wake. Zinatenga masana onse, koma palibe anatsutsa zotsatira.

Ana oposa theka la m'makalasiwo anakwanitsa mabuku atatu n'kuvota. Buku lomwe linabwerekedwa kwambiri linali loseketsa lija, lalifupi komanso la zithunzi zambiri, koma silinapambane. Inapambana nkhani ya mtsikana wa kumudzi, buku lalitali kuposa onse, losoka ndi ulusi, lopanda utoto. Lachiwiri linali la mpira. Mabuku a Chinyanja pamodzi analandira mavoti ambiri kuposa a Chingerezi, ndipo mwa a Chingerezi lomwe linachita bwino ndi la nyama, lomwe zithunzi zake zimathandiza pomwe mawu avuta. Anyamata ambiri anavotera nkhani ya mtsikanayo, zomwe aphunzitsi ena sankayembekezera.

Pa tsiku lotseka tinaitana wolemba. Mphoto inali chitenje, setifiketi yosainidwa ndi oimirira ana, ndi mtolo wa makalata olembedwa ndi anawo. Ambiri ankamudziwa ngati agogo odutsa ndi ambulera popita ku tchalitchi, ndipo sanaganizepo kuti buku lingalembedwe ndi munthu woyenda m'misewu yawo yomweyi. Funso loyamba linachokera kwa mtsikana wa giredi 4: “Agogo, nanga anabwerera kusukulu?” Nkhaniyo imathera pomwe mtsikanayo walembera kalata amalume ake, yankho lisanabwere. Mayiwo anayankha kuti, “Mdzukulu wanga, iwe ukuganiza bwanji?” Anakambirana mpaka belu.

Pali china chomwe wofuna kuchita izi ayenera kukonzekera. Pocheza za bukuli, ana angapo anatchula kuti kwawo kapena kwa aneba kuli mtsikana wochokera kumudzi amene sapita kusukulu. Nkhani zotere sizithera pa tebulo la laibulale. Tinazipereka kwa aphunzitsi a uphungu ndi ahedi, amene anayankhula ndi mabanja mwaulemu, ndipo nambala yaulere ya Childline, 116, tinailemba pakhoma. Buku lonena zoona limatsegula pakamwa pa ana, choncho wowamvetsera adziwiretu koti apite nazo.

Zomwe zinasintha ndi zomwe sizinasinthe

M'teremu yachitatu obwereka anachepa poyerekeza ndi nthawi ya kampeni, koma sanabwerere pomwe anali. M'kaundula muli mayina atsopano, ambiri a anyamata a giredi 5. Mafunso nawonso asintha. Kale mwana ankati “ndipatseniko buku”, pano amati “muli ndi lina longa lija?” Kawirikawiri yankho langa limakhala loti ayi, ndipo limandiwawa.

Mphotoyi siinaphunzitse mwana aliyense zilembo. Amene sankatha kulumikiza maphatikizo mu Meyi ambiri sankathabe mu Ogasiti. Ntchito imeneyo njamphunzitsi, ndipo pali njira zake, monga pulogalamu ya Catch Up ya Unduna wa Maphunziro, yomwe imagawa ana a giredi 3 mpaka 5 molingana ndi pomwe afika pa kuwerenga, osati molingana ndi kalasi. Chomwe voti inachita ndi kupatsa anawo chifukwa chofunira kudziwa, ndipo makhadi aja anatisonyeza bwino amene mabokosi awo onse anali a kumvetsera. Mayina awo tinawapereka kwa aphunzitsi awo. Analiponso ana amene sanavote konse, makamaka ojomba kawirikawiri ndi omwe masana amakagulitsa pa msika. Amenewa Loweruka silinawathandize, chifukwa ndilo tsiku la malonda.

Pa ulendo wotsatira tagwirizana zinthu ziwiri. Ana 6, awiri pa sukulu, alowa m'komiti yosankha mabuku ndipo adzakhala ndi voti yofanana ndi ya aphunzitsi, poti mndandanda ndiwo unatsala m'manja mwa akuluakulu okha. Tikufunanso kuyesa kusiya makope angapo kwa amayi awiri odalirika a pa msika, kuti ana ogulitsa azibwereka komweko.

Chotsalira ndi mabuku a Chinyanja a msinkhu umenewu. Mayi aja ayamba kulemba gawo lachiwiri, koma wolemba mmodzi sangadzaze mndandanda chaka ndi chaka. Tikufuna nkhani za masamba 30 mpaka 50 otaipa, za ana a zaka 10 mpaka 13, zochitikira ku Lusaka kapena kum'mawa, m'Chinyanja chomwe mwana wa m'tauni angachimve popanda kufunsa pa mzere uliwonse. Wolemba asunge umwini wa nkhani yake, angotilola mwa kalata kusindikiza makope a sukulu zitatuzi. Zolemba pamanja tidzazilandira, kutaipa tidzachita tokha.